Kwa achimwene a pa Mangochi ofuna kukathamanga makilomita 42 ku Blantyre

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mumakhala pa boma, panopa mumathamanga makilomita 10 katatu pa sabata, ndipo kwatsala miyezi isanu kuti mukachite nawo mpikisano wa makilomita 42 ku Blantyre. Mukufuna kudziwa ngati nthawiyo ikukwana, komanso ngati mungadzanyamuke kuno madzulo, mawa lake kuli mpikisano, kuti musawononge ndalama zambiri pa malo ogona. Pa loyambalo ndikuti eya, miyezi isanu ikukwana kwa munthu amene makilomita 10 sakumuvuta. Pa lachiwirilo ndikukanizani ndithu, ndipo ndifotokoza. Koma ndiyambe ndi chimene simunafunse, chifukwa ndi chimene chimatigwetsa ife akunyanja tikapita kumtunda: zitunda.

Kuno n'kwathyathyathya. Mukachoka pa boma kulowera msewu wa ku Monkey Bay, kudutsa Namiasi mpaka Nkopola, kapena kulowera kwa Ulongwe, miyendo imangopondaponda mofanana ulendo wonse. Blantyre ndi mzinda wa pakati pa mapiri, Ndirande uko, Soche uko, Michiru uko, ndipo misewu yake ndi yokwera ndi kutsika basi. Ena amaopseza kuti mpweya wa kumeneko ndi wochepa. Zoona Mangochi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pomwe pamayambira nyanja yamchere, pamene Blantyre yaposa 1,000, koma kusiyana kumeneku si koti n'kukusowetsani tulo. Akatswiri a ku Kenya amakonzekerera ku Iten, pa mamita pafupifupi 2,400, kumeneko ndiye nkhani ya mpweya imamveka. Vuto lanu lidzakhala mu ntchafu. Chikweza chimatopetsa inde, koma chimene chimaphwanya minofu ndi mtsetse, chifukwa phazi likamatera, ntchafu imagwira ntchito ya buleki. Munthu amene sanazolowere zimenezi amafika pa kilomita 28 mpweya ali nawo wambiri, mtima uli bwinobwino, koma miyendo yauma gwa.

Mwayi wake mankhwala tili nawo pafupi. Wolokani mlatho wa Bakili Muluzi, mutenge msewu wa ku Namwera, mukakwere Chowe. Kamodzi pa sabata, kapena kamodzi pa masabata awiri ngati thiransipoti ikuvuta. Kwerani kabaza akakusiyeni m'munsi mwa phiri kuti mphamvu zanu zithere pa chitunda penipeni. Poyamba thamangani chokwera kwa mphindi ziwiri, mutsike choyenda, mubwereze kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Pakatha mwezi yambani kutsika chothamanga, koma timasitepe tifupitifupi, osatambalala miyendo, osamenyetsa chidendene pansi. Mawa lake potsika pakhonde mudzamva ntchafu zikudandaula, ndiye kuti ntchito yagwirika. Kungoti msewu umenewu uli ndi makona oopsa ndipo malole amatsika olemedwa, choncho pitani kutayera kale, yendani mbali ya kumanja kuti galimoto yobwera muziyiona, ndipo zam'makutu zomvera nyimbo muzisiye kunyumba.

Masiku ena onse, thamangani pang'onopang'ono. Apa ndi pamene anyamata ambiri satimva. Liwiro loyenera ndi loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osadukiza mawu ndi befu. Mukalephera kumaliza chiganizo, mwafulumira. Masiku anayi pa sabata akukwana: tsiku la zitunda, masiku awiri a makilomita 8 kapena 10 modekha, ndi tsiku limodzi la ulendo wautali. Ulendo wautaliwo ndiye mwini nkhani. Yambirani pa 12, muziwonjezera makilomita awiri sabata iliyonse, koma sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo kuti thupi lichire. Mukatero mudzafika pa 30 kapena 32 kutatsala masabata atatu, ndipo pamenepo mulekere pomwepo. Musayesere 42 yonse pokonzekera. Masabata atatu omalizawo muzichepetsa mtunda, sabata yomaliza kungodziwongola basi. Mudzamva ngati mukuchita ulesi, koma minofu imalimba nthawi yopuma.

Kutentha kwathu kuno kuli ndi ubwino wake. Thupi likathamanga m'malo otentha kwa masiku 10 mpaka 14 limazolowera: thukuta limayamba msanga, madzi a m'magazi amachuluka, mtima sugunda mothamanga ngati kale. Mukafika ku Blantyre kozizirira mudzamva kupepukidwa. Koma musachite nako masewera, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe masana kumapitirira madigiri 35. Ulendo wautali uziyamba nthawi imene ku mzikiti akuitana Swala ya m'bandakucha, kuti ikamakwana 8 koloko mukhale mutamaliza kapena mutatsala pang'ono. Kukadali mdima musadutse njira za m'mphepete mwa Shire, mvuu zimatuluka usiku kukadya kumtunda ndipo nthawi imeneyo zimakhala zikubwerera kumadzi. Ndipo mukatenthedwa musadumphire mumtsinje, ng'ona zilimo.

Za madzi, pali njira yosavuta yodziwira mmene thupi lanu limatayira. Kwerani sikelo musananyamuke, ngakhale ija anyamata amayendayenda nayo pamsika, mudzakwerenso pobwera. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Kuno munthu amatha kutaya lita imodzi mpaka awiri pa ola. Mudzaona pa chipewa ndi m'mbali mwa kabudula mizere yoyera thukuta likauma, umenewo ndi mchere, ndipo madzi okha saubwezera. Sungunulani paketi ya ORS mu lita imodzi, kapena pangani nokha: lita imodzi ya madzi abwino, masipuni ang'onoang'ono asanu n'imodzi a shuga, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Pa ulendo wautali gwirizanani ndi wakabaza mmodzi kuti azikutsatani ndi mabotolo, kapena siyani mabotolo pa grosale ya munthu wodziwana naye m'njira. Komanso kumwa mopitirira muyeso n'koopsa: madzi akachulukitsa mchere wa m'magazi umasungunuka, mutu umazungulira, ena amakomoka. Imwani pang'onopang'ono, motsatira ludzu.

Pali zinthu ziwiri zimene mapulogalamu a pa intaneti sadzakuuzani chifukwa analembera anthu a kwina. Choyamba ndi malungo. Mukadwala, malizani mankhwala onse, mupume, ndipo musabwerere pamsewu thupi lisanabwerere m'chimake. Masiku amene mwataya musawathamangitse powunjika makilomita, ingopitirizani pomwe thupi likulola. Chachiwiri ndi likodzo. Ambiri a ife tinakulira m'madzi a nyanjayi ndi a Malombe, ndipo likodzo limatha kukhala m'thupi mwakachetechete n'kumachepetsa magazi. Munthu wochepa magazi amatopa msanga ngakhale akonzekere bwanji. Pitani kuchipatala akakuyezeni mkodzo, magazi ndi BP panopa, miyezi isanu isanayambe kutha. Mankhwala a likodzo, praziquantel, savuta kumwa. Ngati ndinu Msilamu ndipo Ramadan igwera mkati mwa miyezi imeneyi, musachite maulendo aatali masana muli pa swaumu. Chepetsani mtunda, muzithamanga mutamasula.

Chakudya musavutike nacho. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nyemba, usipa, utaka, masamba, zonse zimene thupi likufuna zili pamsika pathu pomwepa. Chofunika kuphunzira ndi kudya muli pa liwiro. Shuga amene thupi limasunga mu minofu ndi m'chiwindi amatha munthu akathamanga pafupifupi makilomita 30, n'chifukwa chake ambiri amathera pamenepo. Kuti zimenezi zisakuchitikireni, muziika kanthu m'kamwa mphindi 40 zilizonse kuyambira ola loyamba, njala isanabwere. Nthochi imodzi, masiwiti angapo, kachidutswa ka mbatata yophika yothira mchere. Yeserani pa maulendo aatali kuti mudziwe chimene mimba yanu imalola. Chimene simunayesepo kuno, ku Blantyre musadzachikhudze, ngakhale atadzakupatsani chaulere panjira.

Nsapato za pa kaunjika zilibe vuto bola muzisankhe bwino. Tembenuzani muone kunsi ngati sizinadyeke mbali imodzi, finyani pakati ndi chala mumve ngati mukadali mofewa, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kuzitsala malo okwana chala cham'manja, chifukwa mapazi amatupa. Muzigule panopa kuti zizolowere phazi. Malaya akhale a nsalu ngati ya jezi ya mpira, a thonje amamwa thukuta n'kuyamba kukhula. Pakati pa ntchafu ndi m'khwapa pakani Vaseline, ndipo pa nsonga za mabere matani pulasitala. Ena aseka poona zimenezi, koma amene anaonapo mwamuna akumaliza mpikisano ndi mizere iwiri ya magazi pa malaya sangaseke.

Tsopano ulendo. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, kudzera ku Liwonde ndi Zomba. Pa pepala ndi pafupi, koma minibasi mukuidziwa: idikire kudzaza pa depoti, iime kwa Ulongwe, ikaimenso pa Liwonde, mwina akakusinthitseni galimoto pa Zomba, kuwonjezera marodibuloko. Ukatuluka pa Limbe mawondo atapindika maola anayi kapena asanu, katundu wa eni ake ali pamiyendo, msana uli wowawa. Mukanyamuka madzulo ndiye kuti mukafika usiku, musanadye, malo ogona musanawaone, nambala ya pachifuwa musanatenge, kenako 4 koloko mudzuke. Miyezi isanu ya thukuta ingaonongeke chifukwa chopulumutsa ndalama ya usiku umodzi. Chabwino koposa n'kupita kutatsala masiku awiri. Zikakanika, kwerani minibasi yoyambirira m'mawa wa tsiku loti mawa ndi mpikisano, kuti nkhomaliro mukadyere ku Blantyre. Ndalama ya ulendowu yambani kuisunga mwezi uno pa Mpamba kapena Airtel Money, padera, musamaikhudze.

Kulembetsa chitani msanga, ndipo uthenga wotsimikiza kuti mwalipira muusunge pa foni. Afunseni okonza mpikisano zinthu izi: nambala ikatengedwa kuti ndipo mpaka nthawi yanji, poyambira ndi pothera ndi pati, madzi adzaikidwa pa makilomita angati, malo osungira zikwama alipo, ndipo nthawi yotsekera mpikisano ndi maola angati. Chomalizachi n'chofunika kwa ife othamanga modekha, chifukwa misewu ikatsegulidwa mumayamba kulimbana ndi maminibasi. Mapu a njira akatuluka, pezani munthu wa galimoto kapena njinga yamoto akuyendetseni chigawo chomaliza kuti zitunda zake muzione ndi maso.

Malo ogona akhale pafupi ndi poyambira. Ngati akuyambira pa Kamuzu Stadium, funani cha ku Chichiri, Ginnery Corner kapena Chitawira, koti mukhoza kuyenda wapansi. Achibale a ku Machinjiri kapena ku Bangwe ndi abwino, koma m'bandakucha minibasi n'zosadalirika ndipo misewu ina imakhala yotseka, mukawachezere mukamaliza. Usikuwo idyani chimene munazolowera, nsima kapena mpunga ndi ndiwo zosachuluka mafuta, nthawi yabwino. Tchipisi cha pachiwaya, nyemba zambiri ndi tsabola zidikire. Manganitu nambala pa malaya ndi mapini anayi, ikani sokosi m'nsapato, tchajani foni magetsi akadalipo. Kumbuyo kwa nambala lembani dzina ndi foni ya m'bale wanu. Tulo tikavuta musade nkhawa, tofunika kwambiri ndi ta usiku wa dzana lake.

M'mawa idyani kutatsala maola awiri kapena atatu: phala, kapena tiyi ndi buledi ndi nthochi. Pitani kuchimbudzi musanachoke pogona, ndipo tengani tishu m'thumba. Kwa ife ozolowera kutentha, m'mawa wa ku Blantyre umazizira, makamaka miyezi ya chiperoni, ndiye valani juzi yakale pamwamba yoti mudzampatse wokuperekezani. Brufen ndi anzake musamwe kuti muphe ululu pasadakhale, amavutitsa impso munthu akataya madzi ambiri.

Akangoliza chizindikiro choyambira, anthu adzauluka ngati mpikisano ndi wa makilomita asanu. Alekeni apite. Munthu wothamanga makilomita 10 pa ola limodzi, ulendo woyamba ayembekezere maola pafupifupi asanu pa makilomita 42.195, kutanthauza mphindi 7 ndi masekondi owerengeka pa kilomita. Wofuna maola anayi ndi theka ndi mphindi 6 ndi masekondi 24. Makilomita 10 oyamba muyende mochedwerapo kuposa pamenepo, ndipo pa chitunda chachikulu kuyenda si manyazi. Mukamva chizungulire, kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, kapena kupweteka pachifuwa, imani pomwepo muitane achipatala.

Mukamaliza musakwere minibasi tsiku lomwelo ngati mungathe, miyendo idzakokana musanafike pa Zomba. Imwani, idyani, yendaniyendani pang'ono, mugone, mubwerere mawa lake. Mkodzo ukakhala wakuda ngati Coca-Cola kapena ukasiyiratu kutuluka, pitani ku chipatala cha Queens osadikira kuti mukaonere kuno.

Lembani pansipa nthawi imene mumatenga pa makilomita 10 ndi masiku amene ntchito imakupatsani mpata, tikuthandizeni kugawa masabatawo.