Kuyamba mabuku a ana pa zaka 54: yankho kwa aphunzitsi a ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina, mphunzitsi wa ku pulayimale ku Zomba. Akuti akhala akujambula makatuni chiyambire unyamata wawo. Ochepa anatulukako m'kamagazini ka kumpingo kwawo, koma ambiri angokhala m'makope akale m'sutikesi. Pano ali ndi zaka 54 ndi adzukulu awiri, ndipo mtima ukuwakakamiza kupanga buku la zithunzi la ana. Funso lawo linali lakuti: "Kodi sindinachedwe? Nanga munthu wozolowera kuseketsa akuluakulu ndi chithunzi chimodzi angathe kulankhula ndi mwana?"

Aphunzitsi, simunachedwe ayi. Pokuyankhani ndikufuna ndikufotokozereni za William Steig, wojambula makatuni ndi wolemba mabuku a ana wa ku America, chifukwa mafunso anu onse awiri ali m'moyo wake.

Steig anabadwa mu 1907 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, n'kukulira ku Bronx. Makolo ake anali Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Bambo ake ankapaka penti nyumba za anthu, mayi ake ankasoka zovala. Sukulu zapamwamba sanamalize iliyonse: anakhala zaka ziwiri ku City College, zitatu ku National Academy of Design, ndipo ku Yale anangokhalako masiku asanu. Chuma cha America chitagwa mu 1929, pakhomo pawo zinthu zinavuta, ndipo udindo wodyetsa banja unagwera iyeyo. Mu 1930 anagulitsa katuni yake yoyamba ku magazini ya The New Yorker, ndipo anapitiriza kujambulira magaziniyi kwa zaka zoposa 70. Ntchitoyi anaiyamba chifukwa cha njala ya pakhomo, monga mmene ambirife timayambira ntchito zathu.

Kwa zaka pafupifupi 40 anali munthu wa makatuni a akuluakulu. Komabe taonani zimene ankakonda kujambula. Anali ndi mndandanda wa makatuni wotchedwa Small Fry, wa tiana ta m'misewu ya ku New York: kamnyamata kotukumula chifuwa ngati ndi msilikali, ena akukangana, ena akulota ali maso. Kenako mu 1942 anatulutsa The Lonely Ones, zithunzi za anthu osungulumwa, amantha, okwiya, zimene sizinali zoseketsa kwenikweni. Apa n'kuti akuphunzira kuika zamumtima mwa munthu pa mzere umodzi wa inki. Sankadziwa kuti akukonzekera mabuku a ana, koma ndi zimene zinkachitika.

Amene anamukokera ku mabuku a ana anali mnzake wojambula makatuni ku The New Yorker, Robert Kraus, yemwe anali atayambitsa kampani yosindikiza mabuku ya Windmill Books. Mabuku oyamba a ana a Steig anatuluka mu 1968, ali ndi zaka 60 zakubadwa. Inu muli ndi 54, ndiye kuti pa msinkhu wanuwo iye anali asanayambe n'komwe.

Chaka chotsatira anatulutsa Sylvester and the Magic Pebble, limene linapata mendulo ya Caldecott mu 1970, mphoto yaikulu ya mabuku a zithunzi ku America. Ndikhalitsepo pang'ono pa bukuli, chifukwa yankho la funso lanu lachiwiri lili mmenemu.

Mwana wa bulu, wokonda kutola timiyala, wapeza kamwala kofiira kamene kamachita chilichonse chimene wokakhudza wafuna. Pobwerera kunyumba akumana ndi mkango. Chifukwa cha mantha, m'malo mofuna kuti mkangowo uzimiririke, afuna kuti iyeyo asanduke thanthwe. Asandukadi. Kamwala kaja kagwera pambali pake, pafupi penipeni, koma thanthwe lilibe dzanja loti n'kutola. Makolo afunsa kwa anansi, apita kupolisi, agalu anunkhiza dera lonse, osamupeza. Nyengo zisintha, masamba ayoyoka, chipale chigwa pa thanthwe lija. Patapita miyezi yambiri, makolo aja apita kukadyera kutchire kuti apepukidwe mtima, ndipo chakudya chawo achiyala pa thanthwe lomwelo, osadziwa kuti ndi mwana wawo. Bambo aona kamwala kofiira, akumbukira kuti mwana wawo akanakakonda, akaika pamwamba pa thanthwe. Mwanayo afuna kukhalanso mmene analili, ndipo mbale ndi makapu zigwa pamsana pa bulu wamoyo.

Nthawi yoyamba imene ndinawerengera mwana wa mlongo wanga bukuli, pa tsamba la makolo atakhala pa thanthwe paja, anandigwira mkono n'kunena monong'ona kuti, "Amalume, auzeni." Anali ndi zaka zisanu. Iye ankadziwa chimene anthu a m'chithunzi sankachidziwa, ndipo zinkamupweteka. Steig sanaope kuika m'buku la ana mantha aakulu kuposa onse amene mwana amakhala nawo, otayika osapezedwanso ndi amake. Ojambula ambiri akamayamba za ana amafewetsa zonse, amadzaza tsamba ndi tinkhope tomwetulira ndi mitundu yowala, poganiza kuti mwana amangofuna zokoma. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kumupeputsa mwana. Nthano za agogo athu pamoto madzulo zinali ndi afisi, njala ndi ana amasiye, ndipo tinkamvetsera mpaka moto kuzima.

Bukuli linamubweretseranso mavuto. Onse a m'nkhaniyi ndi nyama, ndipo apolisi anawajambula ngati nkhumba. Ku America nthawi imeneyo "nkhumba" linali dzina lonyozera apolisi, choncho mabungwe ena a apolisi anadandaula kwambiri. Wa makatuni aliyense amadziwa kuti chithunzi chikachoka m'manja mwako, anthu amaonamo zawozawo.

Kuchokera pamenepo sanaimenso. Mu 1982 kunatuluka Doctor De Soto, nkhani ya mbewa yomwe ndi dokotala wa mano ndipo ikuyenera kulowa m'kamwa mwa nkhandwe yodwala dzino. Mu 1990, ali ndi zaka zopitirira 80, anatulutsa Shrek!, kabuku kakang'ono ka chilombo chonyansa chokondwa ndi kunyansa kwake, komwe kampani ya DreamWorks inapangapo filimu ya 2001 imene ana anu a m'kalasi mwina amaidziwa. Anamwalira ku Boston mu 2003 ali ndi zaka 95, chaka chomwe buku lake lomaliza linatuluka.

Tsopano ndinene zovuta, chifukwa sindikufuna kukunamizani kuti luso la katuni limangosamukira m'buku lokha. Katuni ndi chithunzi chimodzi: munthu waona, waseka, watembenuza tsamba. Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32, ndipo kalulu wa pa tsamba 3 ayenera kukhala yemweyo pa tsamba 28, kaya wagona chagada, kaya akulira, kaya akuthawa. Ana amaona msanga khutu likasintha. Chinanso, pa katuni mphamvu yonse ili pa nthabwala ya kumapeto, pomwe m'buku ili pa kutembenuza tsamba: chakumanja kumunsi kuyenera kukhala chinthu chopangitsa mwana kufuna kuona kuseri. Izi muyenera kuziphunzira mwatsopano, ndipo zimafuna kudekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma muli ndi chuma chimene Steig anachita kuchifunafuna m'misewu ya ku Bronx. Zaka zonsezi mwakhala kutsogolo kwa kalasi. Mukudziwa mmene mwana wa Sitandade 1 amaimira akachita manyazi, phazi lina pamwamba pa linzake. Mukudziwa nkhope ya amene wabwera osadya ndi ya amene wabisa mango m'thumba. Zimenezo sizipezeka m'sukulu ya zojambulajambula.

Choti muchite mwezi uno ndi ichi. Tengani mapepala 8, muwapinde pakati, mupeze kabuku ka masamba 32. Sankhani nyama kapena mwana mmodzi, mumujambule ka 20 m'kope lina mpaka dzanja limuzolowere. Kenako jambulani nkhani yonse ndi pensulo, mothamanga, osapaka mitundu, mawu ochepa, m'Chichewa chimene adzukulu anu amalankhula. Mukawerengere ana a m'kalasi mwanu Lachisanu masana, maso anu ali pa nkhope zawo. Pamene ayambe kuyang'ana pawindo, ikani chizindikiro pa tsambalo. Mukatero munditumizire zithunzi za masambawo, pamodzi ndi aja a zizindikiro, tidzaone limodzi chimene chikuvuta.