Mipukutu ya ma nickel: ndikunyamulireni ku Joni?

Achimwene, mwafunsa ngati ife oyenda ku Joni timachitako geni ya ndalama zachitsulo, komanso ngati ndingakakugulitsireni mipukutu ya ma nickel imene azakhali anu anabwera nayo kuchokera ku America. Mipukutu yonseyo sindinganyamule. Koma musaitaye, poti mwina muli zingapo zoyenera ulendo.

Nickel ndi masenti 5 a ku America. Mu mpukutu umodzi wa kubanki mumakhala ndalama 40, kutanthauza madola 2 basi. Munthu wogula buledi ku Chicago amaiwerengera choncho. Kuno ngakhale madola 2 amenewo palibe, chifukwa malo osinthira ndalama, kaya ku Blantyre kaya ku Johannesburg, amalandira zapepala zokha. Anyamata osintha ndalama pa Mwanza kapena pa Beitbridge sangazicheukire n'komwe. Onjezerani kulemera: nickel imodzi ndi magalamu 5, ndiye mipukutu 50, yomwe ndi madola 100, ndi makilogalamu 10. Pa basi kulemera kumalipiridwa, ndipo malo amenewo ine ndimaikapo katundu amene ndikudziwa kuti atuluka.

Mtengo wachiwiri ndi wa anthu osonkhanitsa ndalama zakale, ndipo apa m'pamene pali geni yeniyeni. Iwowa sagula mpukutu, amagula ndalama imodzi imene ili mkati mwake. Ku America alipo amene amatenga bokosi lathunthu kubanki, n'kukhala pansi kusankha imodziimodzi, zotsala n'kubweza. Inunso chitani zomwezo. Tsegulani, yalani pa tebulo, muone chaka.

Zambiri mupeza zili ndi nkhope ya Thomas Jefferson kutsogolo ndi nyumba yake ya Monticello kumbuyo. Zinayamba mu 1938, ndipo zochuluka n'zosakaniza mkuwa magawo 75 ndi nickel magawo 25 pa 100 alionse. Zimenezo ndi masenti 5, osaposa. Zofunika kuziika pambali ndi za nthawi ya nkhondo, kuyambira chakumapeto kwa 1942 mpaka 1945. Chitsulo cha nickel chinkafunika popanga zida, ndiye boma linaikamo siliva magawo 35 pa 100. Kuzizindikira n'kosavuta: pamwamba pa denga la nyumba ija pali chilembo chachikulu, P, D kapena S, chosonyeza mzinda umene inapangidwira. Imodzi yotere, ngakhale itakalamba bwanji, siliva wake yekha amaposa kutali masenti 5, ndipo mtengo wake umayenda ndi mtengo wa siliva tsiku limenelo. Ikani pambalinso ya 1950 yokhala ndi D, chilembo cha mzinda wa Denver, poti kumeneko anapanga pafupifupi 2.6 miliyoni zokha chaka chimenecho, ngakhale kuti anthu anazisunga zambiri moti sizidula monga mmene ena amaganizira.

Mukaona ina yokhala ndi njati kumbuyo, imeneyo ndi ya pakati pa 1913 ndi 1938. Vuto lake chaka chimafufutika msanga, ndipo yopanda chaka ogula amaipeputsa kwambiri. Nkhani zimene mumaona pa Facebook za nickel ya mamiliyoni zimachokera pa ya 1913 yokhala ndi mutu wa mkazi wotchedwa Liberty. N'zoona inagulidwapo madola oposa 4 miliyoni, koma zodziwika zilipo zisanu zokha dziko lonse lapansi, ndipo sizili mu mpukutu wa azakhali.

Chonde musazitsuke. Mukangozikwecha ndi phulusa kapena mandimu kuti ziwale, wogula aona mikwingwirima n'kudula mtengo pomwepo. Iye akufuna ndalama monga mmene zaka zinaisiyira. Zodula kwenikweni amafuna zitayesedwa ndi makampani ngati NGC kapena PCGS, zitatsekeredwa mu pulasitiki, ndipo kuyesetsako kumalipiridwa, nthawi zambiri kuposa mtengo wa ndalamayo.

Ife tinaziona kale izi ndi R5 ya Mandela ya 2008. Mphekesera inafala kuti ndi chuma, anthu n'kumazimangira pa nsonga ya chitenje osagulira ngakhale madzi pa ulendo. Koma anazipanga mamiliyoni, ndipo banki yaikulu ya ku South Africa imanena poyera kuti yoyenda m'manja ndi R5 basi. Amene anapindula ndi ogulitsa chiyembekezo kwa anzawo.

Palinso lamulo loti mulidziwe musanapemphe azakhali kuti abweretse zina. Kuyambira 2006 America inaletsa kusungunula ma nickel ndi kuwatulutsa ochuluka m'dzikomo, chifukwa chitsulo chake chinayamba kudula kuposa ndalamayo. Nthawi zambiri wapaulendo amaloledwa kutuluka ndi za madola 5 zokha.

Ndiye tichite chonchi. Sankhani, mujambule mbali zonse ziwiri za zimene mwapatula, munditumizire pa WhatsApp. Zikakhala za siliva kapena za njati zooneka chaka, ndikazionetsa kwa ogulitsa ndalama zakale ku Johannesburg, koma dziwiranitu kuti mtima wawo uli pa Krugerrand, ndalama yagolide ya ku South Africa, ndi ndalama zina za kwawo, za ku America amagula motsika kuti nawonso adyepo. Zotsalazo apatseni azakhali pobwerera, akagulire khofi pa bwalo la ndege.