Nkhope ikauma pa foni, musayambire ku ma port

Lachiwiri ndinalandira kalata ya mayi wina wa ku Katete. Akuti anagula rauta yoikamo SIM, mauthenga a pa WhatsApp akuyenda bwino, koma akaimbira mwana wake wa ku Lusaka pa vidiyo, chithunzi chimauma ndipo mawu amadukaduka. Mnyamata wina wawauza kuti atsegule ma port, tizitseko ta manambala ta m'kati mwa rauta todzera mauthenga a pa intaneti, tsono akufunsa kuti ma port amenewo amatsegulidwa bwanji.

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, chifukwa mawu omwewo ndinauzidwa inenso mu 2024, chaka cha chilala chija, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, malaiti n'kumabwera maola owerengeka. Amayi anga anadwala, tinakawatenga kumudzi ku Chadiza kuti adzakhale nafe ku Kapata, muno mu Chipata, pafupi ndi chipatala. Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo tchuthi sanapatsidwe. Chimene chinatsala ndi foni basi. Madzulo alionse ndinkakhala pamphepete pa bedi la amayi, foni m'manja, achimwene n'kuimba. Amayi akangoyamba kuti "Mwanangu, wadya?", nkhope ya achimwene inkaima pakamwa pali yasa, pagalasi n'kulembeka kuti foni ikuyesa kulumikizanso. Amayi ankaigwedeza foniyo ngati mmene timagwedezera wailesi mabatire akatha. Tsiku lina anandibwezera foni n'kutembenukira kukhoma, nati, "Mulekeni, mwina watanganidwa." Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Iwo ankaganiza kuti mwana wawo ndiye akudula.

Ndinapita kwa amene anandigulitsa rauta. Anandiuza za ma port, nandilembera manambala pakapepala. Masiku atatu ndinagona mochedwa, ndikulowa m'kati mwa rauta ndi kompyuta yobwereka, kulemba manambala aja, kuzimitsa, kuyatsanso. Palibe chinasintha. Ndipo sichikanasintha, ndinadzamvetsa pambuyo pake. Rauta ya SIM nthawi zambiri ilibe adiresi yakeyake pa intaneti. Kampani ya netiweki imagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi, ndiye ngakhale mutsegule chitseko cha m'nyumba mwanu, geti lalikulu lili m'manja mwa kampaniyo. Komanso WhatsApp ndi Messenger sizidikira kuti wina azitsegulire. Foni yanu ndiyo imayamba kutuluka kukafuna inzake, ndipo ziwirizo zikalephera kukumana mwachindunji, mawu ndi chithunzi zimadzera pa makompyuta a eni ake a pulogalamuyo. Malangizo a ma port anali ndi ntchito kale, pa mapulogalamu akale ochezera pa kompyuta, koma anthu akungowabwerezabe kwa amayi ngati inu.

Apa ndiye pamandikwiyitsa. Munthu akamagulitsa rauta amatchula liwiro lotsitsira zinthu lokha, poti ndiyo nambala yaikulu yokoma kuimva. Koma pa vidiyo simungoonera ayi, mukutumizanso nkhope yanu, ndipo njira yotumizira imakhala yopapatiza kuposa yolandirira. Uthenga wolemba ukachedwa masekondi asanu simudziwa n'komwe, umafika ndithu. Mawu a munthu wamoyo akachedwa theka la sekondi, mwayamba kale kulankhulirana pamodzi. Ndikunena mosabisa: wogulitsa amene sakufunsani kuti nyumba yanu ndi yomangidwa ndi chiyani komanso muli angati pakhomo, akungofuna ndalama zanu.

Kwathu vuto linapezeka mwangozi. Malaiti atapita usiku wina, rauta inazima, ndinaimba ndi bandulo ya pa foni nditaima pakhonde. Achimwene ndinawaona bwinobwino mpaka thukuta la pamphumi. Ndipamene maso anga anatseguka. Rauta yathu inali pabalaza, kuseri kwa TV, m'kabati yokhala ndi galasi, poti mkazi wanga ankaopa fumbi ndi ana. Chipinda cha amayi chinali kumbuyo, makoma atatu a njerwa zootcha pakati. Pamwamba malata. Chipata ndi tauni ya m'mapiri, ndipo nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kusiyana netiweki chifukwa cha mbali imene windo layang'ana.

China chinali anthu. Pasiwedi yathu inali itayenda mtunda. Mphwanga anapatsa mnzake, mnzakeyo anapatsa wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo nditayang'ana mndandanda m'kati mwa rauta ndinapeza mafoni amene sindinkawadziwa. Sindikuletsa kugawana. Ife a kuno tinakula tikubwerekana mchere ndi moto, ndipo mnansi akafuna kutumiza uthenga wa maliro sindingamumane. Koma nthawi ya 19 koloko, pamene wodwala akufuna kuona mwana wake, ena anali pa TikTok ndi YouTube, foni ina ikutumiza yokha zithunzi zonse za tsikulo kokazisunga. Usiku womwewo ndinasintha pasiwedi, ndipo mawa lake ndinapita ndekha kukawafotokozera anansi chifukwa chake. Anamva. Amayi a nyumbayo anabwera ndi nthochi kudzazonda odwala.

Tsono inu chitani izi

Zimitsani Wi-Fi pa foni, muimbe ndi bandulo ya foniyo. Zikayenda bwino, vuto lili m'nyumba. Kenaka yatsani Wi-Fi muimbe mutaima pafupi ndi rauta. Zikayenda pamenepo koma n'kumakanika kuchipinda, ndi makoma. Ichotseni m'kabati, muiike pamalo okwera pafupi ndi windo, muyese mawindo angapo mukuyang'ana timagetsi toonetsa mphamvu ya netiweki. Ngati rauta yanu imaonetsa maina awiri a Wi-Fi, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz, dziwani kuti 5 ndi yothamanga mukakhala pafupi, koma 2.4 ndiyo imapyola bwinoko makoma. Poyeza liwiro yang'anani nambala ya upload, ndiko kuti liwiro lotumizira. Ikamakhala pansi pa 1 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwirolo) vidiyo ikhoza kuvuta. Mu WhatsApp, pa Storage and data, muli poyatsa kuti kuimba kuzidya data yochepa. Ma port asiyeni mmene alili.

Rauta yathu inathera pa shelefu ya m'kanjira, moyang'anana ndi chitseko cha amayi, ndipo ndinaigulira kabatire koisunga yoyaka malaiti akapita. Lamlungu lotsatira achimwene anaimba ali ndi mwana wawo wakhanda pamiyendo, amene amayi anali asanamuonepo. Anacheza mpaka foni inatentha m'manja mwanga. Amayi anamuyang'anitsitsa mwanayo nthawi yaitali, kenaka anati makutu ndi a malemu bambo athu.

Mayi a ku Katete, mukayesa zimenezi mundilemberenso, mundiuze nambala ya upload imene mwapeza komanso pamene rauta yakhala.