Ukufuna kukalawa mowa uli mlendo kwa apongozi

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti iwe ndi mkazi wako mukupita kukacheza kwa makolo ake masiku atatu, ndipo wamva kuti kumeneko kuli timafakitale ting'onoting'ono tofulula mowa uja mumautcha craft beer. Mtima uli dyokodyoko kufuna kukalawa, koma mkazi wako akuti ukamuchititsa manyazi. Ndiye ukundifunsa ngati pali cholakwika.

Kulawako ndilibe nako mlandu. Ine ndemwe ndinaulawapo mowa umenewu, ndipo anthu oufulula ndimawapatsa ulemu poti ndi ntchito yofuna kuleza mtima. Zopangira zake zikuluzikulu ndi zinayi: madzi, chimera cha balere, yisiti, ndi maluwa a hops amene amaupatsa kuwawa ndi fungo. Ku Bavaria, dera la ku Germany, lamulo la mu 1516 linatchula madzi, balere ndi hops zokha, poti ntchito ya yisiti anthu anali asanaimvetse. Koma taona zimene katswiri amatulutsa pa zinthu zochepazi. Akakazinga chimera mpaka kuda, mowa umadanso bii, n'kumanunkhira ngati khofi, ndiye stout ameneyo. Akasiya chimera chili choyera n'kufulula pozizira, umatuluka wowala, wopepuka pakhosi, ngati pilsner amene Josef Groll anayamba kufulula ku Plzeň, mzinda wa ku Czech Republic, mu 1842. Akachulutsa hops ndiye IPA, wowawa, wa fungo ngati la zipatso. Ku America, pulezidenti Jimmy Carter atasaina lamulo mu 1978 lolola anthu kufulula mowa kunyumba, ena mwa ofululawo anadzatsegula timafakitale tawotawo, ndipo chizolowezicho chinafalikira kutali. Choncho chidwi chakocho ndikuchimvetsa.

Chandivuta ndi mawu amodzi amene walemba. Ukuti "ndikazemba masana iwo akamacheza." Kuzemba! Anthu akusesera chipinda, akuyalira zofunda, mwina bambowo asiya ntchito zawo kuti akhale nawe, iwe n'kumawerengera nthawi yothawa? Mkamwini wanga wina anatichitapo zimenezi. Anafika madzulo, m'mawa anati akukangoona tauni, anabwera ife titagona. Agogo ako anasunga chakudya chake mpaka chinazizira. Sananene kanthu, koma mwana wathu anakhala tsiku lonse akumupepesera mwamuna wake, maso ali pansi. Manyazi amene mkazi wako akuopa ndi amenewa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye pa masiku atatu okha ukachotsapo limodzi mwakabisira, wasiya chiyani?

Tsiku loyamba ndi la eni nyumba lathunthu, za mowa usazitchule n'komwe. Musananyamuke, funsa mkazi wako ngati makolo ake amamwa. Iye ndiye akudziwa. Pali mabanja amene samwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo pali ena amene mowa unawalanda munthu, moti fungo lake lokha limawakumbutsa maliro. Ngati ndi choncho, nkhaniyo ithere pomwepo. Timafakitaleto sitithawa, mudzapitako ulendo wanuwanu. Usalowetsenso mabotolo m'nyumba yawo n'kuwabisa m'chikwama.

Koma ngati apongozi ako aamuna amamwa, bwanji osawapempha kuti akuperekeze? Unene mwaulemu: "Bambo, ndamva kuti kuno kuli ofulula mowa wabwino, kodi mungakandionetse?" Pamenepo zinthu zasintha. Tauniyo ndi yawo, akuyendetsa ndi iwo, ndipo nkhani zimene sizikanatuluka pabalaza zimatuluka panjira. Ulipire ndiwe. Akalawa IPA n'kukwinya nkhope, n'kuitanitsa mowa umene anazolowera, usawaseke, usayambenso kuwaphunzitsa ngati ana. Foni ikhale m'thumba. Ndaonapo anyamata akujambula tambula iliyonse n'kumalemba mamalikisi, wamkulu ali duu pambali ngati wolondera.

Tsono mvetsetsa za ukali wake, poti apa ndi pamene ambiri amagwa. Mowa wamba wa lager umakhala ndi ukali wa 4 kapena 5 peresenti. IPA nthawi zambiri amafika 6 kapena 7, ndipo imperial stout amatha kupitirira 10, chonsecho amatsetsereka pakhosi ngati chakumwa chotsekemera. Tambula imodzi ya ameneyu ndi ziwiri za lager. Funsa ukali usanaitanitse. Malo ambiri oterewa amapereka timatambula ting'onoting'ono tinayi kapena tisanu pa kathabwa kamodzi, amati flight. Tenga timeneto, mugawane. Yamba ndi wopepuka, umalizire wowawa ndi wakuda, chifukwa hops akakhala kale palilime, mowa wofatsa umamveka ngati madzi. Nunkhiza kaye usanamwe. Idyani musanapite, ndipo madzi akhale pafupi. Fakitale imodzi ndi yokwanira, iwiri mukalimbikira. Lilime likatopa, chotsala ndi kuledzera basi.

Za galimoto mugwirizane musanachoke pakhomo. Wamwa asagwire chiwongolero, ngakhale akudzimva kuti ali bwinobwino. Chiwindi chimafuna pafupifupi ola lathunthu kuti chithane ndi tambula imodzi yaing'ono ya mowa wamba, ndipo khofi kapena kusamba madzi ozizira sikuchifulumizitsa. Uwauze apongozi ako aakazi nthawi imene mubwere, ndipo nthawiyo ikakwana mukhale mutafika, ukuyenda wekha, ukulankhula zomveka.

Ukafuna kugula wopita nawo kwanu, yang'ana tsiku limene anauthira m'chitini kapena m'botolo, makamaka IPA, poti fungo la hops limazilala pakangopita miyezi yochepa. Usausiye padzuwa m'galimoto. Kuwala kumaononga mowa n'kuupatsa fungo loipa, n'chifukwa chake ofulula ambiri amagwiritsa ntchito mabotolo oderapo. Ndipo pogula zakozo, ukumbuke kutengera kanthu amayi amene atsala pakhomo.

Ukamufotokozera mkazi wako zonsezi iye n'kunenabe kuti ayi, mumvere. Makolowo ndi ake, anakula nawo, ndipo mwina pali zina zimene sanakuuze. Mukabwerako undilembere, undiuze ngati munapita, ndi mowa umene apongozi ako anaukonda.