Za TACE kwa bambo anu amene chiwindi chawo chili ndi cirrhosis (kuuma kwa chiwindi chifukwa cha zipsera)

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake madokotala akana opaleshoni n'kusankha kupatsa bambo anu mankhwala a khansa kudzera mu mtsempha wa chiwindi, njira yotchedwa TACE.

Chotupa cha khansa cha m'chiwindicho chimadalira magazi a mtsempha wa hepatic artery (wobweretsa magazi ochokera kumtima), pomwe chiwindi chenichenicho chimalandira magazi ake ambiri kuchokera ku portal vein (mtsempha wobweretsa magazi ochokera m'matumbo). Ndiye madokotala amalowetsa kapaipi kopyapyala mu mtsempha wa pamwamba pa ntchafu mpaka kukafika pa chotupa, n'kuthira mankhwala a khansa a doxorubicin osakaniza ndi mafuta a Lipiodol, kenako n'kutseka njirayo ndi tizidutswa ta gelatin. Akatha, bambo agone chagada maola 4 mpaka 6 osapinda mwendowo.

Kutentha thupi, nseru ndi ululu pansi pa nthiti za kumanja n'zachizolowezi kwa masiku angapo. Koma maso akachita chikasu, mimba ikatupa madzi kapena akayamba kusokonezeka mutu, thamangirani kuchipatala, chiwindi chikulephera. N'chifukwa chake sachita TACE ngati bilirubin (chinthu cha m'magazi chimene chimachititsa chikasu) wapitirira 3 mg/dL kapena portal vein yatsekeka.

Dziwani kuti cholinga cha TACE n'kuchedwetsa matendawa, kuchiziratu ayi. Ngati ali ndi hepatitis B, asadumphitse kumwa mankhwala ake a tenofovir. Pakatha masabata 4 mpaka 6 adzajambulidwa m'thupi ndi makina a CT.