Chotupa cha pachiwindi achiwotcha, kodi khansa yatheratu?

Achemwali ena a ku Santhe andilembera. Amuna awo anapita ku India, madokotala anawotcha kachotupa ka khansa pachiwindi ndi singano, ndipo abwerako ali bwino. Tsopano wina wawauza kuti kuwotchako kumadzutsa chitetezo cha m'thupi, ndiye khansa singabwerenso, mankhwala a hepatitis B (kachilombo kowononga chiwindi) ndi masikani atha kusiya. Akufunsa ngati n'zoona.

Achemwali, musasiye chilichonse. Komabe amene wakuuzaniyo sanapeke zonse.

Dokotala amalowetsa singano pakhungu mpaka pachotupa, maso ali pa sikani. Nsonga ya singanoyo imatentha kupitirira madigiri 60, maselo a khansa n'kupsa. Ena m'malo motentha amaziziritsa mpaka chotupacho chichite ayezi. Njirayi imayenda bwino chotupa chikakhala chaching'ono, chosapitirira masentimita 3. Kusiyana kwake ndi opaleshoni n'kwakuti chotupacho sachichotsa, chimafera momwemo. Maselo akufawo akamaphwanyika, maselo ena otchedwa dendritic amatola tizidutswa tawo n'kupita nato ku tiziwalo tija timatupa tikati munthu ali ndi mwanabere. Kumeneko asilikali a m'thupi, ma T cell, amaphunzira kuzindikira khansayo, ngati mmene timanunkhitsira galu malaya a mbava. Zinachitikapo kuti chotupa china chimene sichinawotchedwe chinaphwa chokha, koma n'zapatalipatali kwambiri moti palibe dokotala angadalire zimenezo.

Vuto ndi loti asilikaliwo sachedwa kufooka. Chiwindi chimalandira magazi ochokera m'matumbo tsiku lililonse, odzaza ndi zakudya ndi tizilombo tosaopsa, choncho chinalengedwa moti asilikali ake asamapse mtima msanga. Khansa imapezerapo mwayi. Imavalanso chizindikiro chotchedwa PD-L1 chimene chimagonetsa ma T cell. Ndipo moto ukasiya timaselo ta khansa m'mbali, zinthu zimene thupi limatulutsa pochiritsa balalo, zomeretsa timitsempha tatsopano, zimatha kudyetsa timaselo totsalato. Onjezani poti chiwindi chimene chinabala chotupa choyamba chidakali chodwala. N'chifukwa chake mwa odwala 10, mpaka 7 khansa imawabwerera zisanathe zaka 5.

Funso lanuli landikhudza chifukwa mawu akuti chitetezo anatipusitsa ife maliro a malume anga asanachitike. Malume anali mlimi wa fodya ndi mtedza cha ku Chamama, munthu wa mphamvu, wonyamula thumba la makilogalamu 50 osapempha thandizo. Anayamba n'kudandaula kupweteka pansi pa nthiti kumanja. Kenako nsima anayamba kuisiya m'mbale, maso anachita chikasu, mimba inakula pamene manja akuonda. Azakhali ankawamangira chitenje chifukwa buluku silinkakwananso. Apo kunabwera anthu ndi timabotolo, ati mankhwala okweza chitetezo, khansa idzathawa yokha. Mbuzi zinapita, njinga inapita. Pamene tinkafika nawo ku Lilongwe chotupa chinali chitadzaza chiwindi, singano ya moto inalibenso pogwira. Madokotala anatiuza kuti hepatitis B anakhala nayo zaka zambiri osadziwa. Anthu ogulitsa timabotolowa sindiwamvera chisoni ngakhale pang'ono. Amadziwa kuti banja lili pa mantha ndipo amadyera pomwepo. Aliyense wokuuzani kuti siyani mankhwala a kuchipatala chifukwa chitetezo chakwera, ndimamuika gulu lomwelo, akhale mbale, akhale wa kumpingo.

Ndipo tikamakamba za chiwindi kuno ku Kasungu tisalambalale mtedza. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ngozi ya khansa imachulukiratu. Nanga ife timatani? Timawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda. Wabwino timasankhira venda, wonyala ndi wakuda uja timasinja nsinjiro zothira m'nkhwani wa ana athu. Poizoniyu satha yense ndi kukazinga kapena kuphika. Zimandiwawa kuona lichero la mtedza wotsala pa kusankha likulowa mu mtondo.

Ndibwerere ku za chitetezo. Madokotala nawonso anaona kuti moto umadzutsa asilikali koma osakwanira, ndiye akuyesa kuphatikiza kuwotcha ndi mankhwala omasula ma T cell. Mankhwala otchedwa atezolizumab pamodzi ndi bevacizumab anavomerezedwa mu 2020 kwa odwala amene chotupa chawo sichingachotsedwe. Kafukufuku wa IMbrave050 anawapereka kwa anthu ochitidwa opaleshoni kapena kuwotchedwa, kuti khansa isabwerere. Zotsatira za mu 2023 zinapatsa chiyembekezo, koma atawatsatira odwalawo mpaka 2024 phindulo linazilala. Ngati mankhwala okwera mtengo chotero, oyesedwa pa anthu mazanamazana, sanathetse nkhaniyi, kabotolo ka pa depoti kangathe bwanji?

Ndiye muchite chiyani?

Mankhwala a hepatitis B, kaya ndi tenofovir kaya entecavir, bambowo amwe tsiku lililonse. Kuwasiya mwadzidzidzi kumadzutsa kachilombo mwaukali mpaka chiwindi kulephera. Masikani ndi kuyezetsa magazi kwa AFP (chinthu chimene kawirikawiri chimachuluka m'magazi khansa ya chiwindi ikakhalapo) zitsatidwe monga madokotala analembera, chifukwa kachotupa katsopano akakapeza kadakali kakang'ono amathanso kukawotcha. Mowa ayi, ngakhale wa masese. Mtedza wa chuku mutaye. Inuyo ndi ana mukayezetse hepatitis B, makamaka obadwa chisanafike chaka cha 2002, pamene katemera wake analowa m'katemera wa kusikelo kuno ku Malawi. Mapepala onse a ku India muwasunge pamodzi ndipo muziwatenga nthawi zonse mukamapita kukaonana ndi dokotala.