Maluwa a chitenje akutamuka chifukwa cha kadulidwe, osati pulogalamu

Achimwene, ndaona zithunzi ziwiri mwaikazi ndipo funso lanu ndalimva. Mwapanga chidole cha mayi mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, mwamuveka bulauzi ndi chitenje, koma maluwa a chitenjecho atamuka m'chiuno, pamapewa pa bulauzi asokonekera, ndipo nsalu yonse ikung'anima mosakhala bwino. Ndiye mukufunsa ngati mugule Substance Painter kuti zitheke.

Ndalama zanuzo sungani kaye. Substance Painter ndi pulogalamu yabwino yopakira mitundu pa zidole za 3D, ndipo anthu ambiri opanga magemu amaigwiritsa ntchito (idapangidwa ndi kampani ya Allegorithmic ya ku France, yomwe Adobe idaigula mu 2019), koma mukaitsegula ndi chidole chomwechi, maluwawo akatamukanso chimodzimodzi. Vuto lanu lili pa UV, ndipo UV imakonzedwa mu Blender momwemo. Blender ndi Krita (pulogalamu yojambulira zithunzi), zonse zaulere, zikukwanirani pa zomwe mukufunazi.

Kompyuta siidziwa kuti apa ndi pachiuno, apa ndi paphewa. Imangodziwa chithunzi chafulati, ndi malo omwe kachidutswa kalikonse ka chithunzicho kakagwere pa chidole. Mapu osonyeza malowo ndiye UV. Ntchito yanu ndi ya telala koma mobwerera m'mbuyo: iye amadula nsalu yafulati n'kuisoka kuti ikhale malaya, pomwe inu muli ndi malaya osokasoka, muwamasule m'misoko kuti agone pansi zidutswazidutswa. Choncho musanagwire mbewa ya kompyuta, tengani malaya enieni, muwatembenuze, muone momwe misoko yadutsira. Mupeza msoko m'mbali kuchokera kukhwapa kutsika mpaka kumpendero, wina paphewa, wina wozungulira pomwe mkono walumikizana ndi thupi la malaya, wina kunsi kwa mkono, ndipo kolala ndi chidutswa chapachokha. M'malo omwewo ndi momwe mudule pa chidole chanu. Mu Edit Mode sankhani mizere ya pamenepo, dinani Ctrl+E musankhe Mark Seam, kenako A kuti musankhe zonse, U, ndi Unwrap. Ubwino wake ndi wakuti maluwa akalephera kukumana pa msoko, palibe amene angadabwe, chifukwa ngakhale pa malaya enieni sakumana.

Smart UV Project, uja wodzidulira yekha misoko, musiyeni pa zovala. Amadula pomwe wafuna, ndipo ndikukayikira kuti ndi amene wakusokonezerani mapewawo.

Musanapange Unwrap, bwererani ku Object Mode, dinani Ctrl+A musankhe Scale. Anthu ambiri amakoka chovala mbali imodzi pochikuza, n'kuiwala zimenezi, kenako UV imatuluka yopendekeka ngakhale misoko ili bwinobwino.

Mukadula, musathamangire kuika chitenje. Pangani chithunzi chatsopano mu Blender, pa Generated Type musankhe UV Grid kapena Color Grid, chomwe ndi chithunzi cha timabokosi, muveke chidolecho timabokosi timeneto. Pomwe kabokosi katalika, maluwa anunso adzatalika pomwepo. Pomwe timabokosi ta pamkono takula kuposa ta pachifuwa, ndiye kuti mkonowo wapatsidwa malo ochepa pa chithunzi, ndipo udzaoneka wachimbuuzi. Average Islands Scale amakonza zimenezo. Koma chenjerani ndi Pack Islands: ali ndi kabokosi ka Rotate, ndipo mukakasiya kochonga, atembenuza zidutswa momwe angafunire kuti asunge malo. Pa khoma kapena mwala zilibe kanthu. Pa nsalu ndi vuto, chifukwa nsalu ili ndi kolowera ulusi. Zidutswa zonse ziime chilili mu UV, kumutu m'mwamba, kumpendero pansi, apo ayi mkono wina mizere idzayenda chotsika, wina chopingasa.

Tsopano chitenjecho. Apa pali njira yachidule yomwe ndimaikonda kwambiri, chifukwa chitenje sichisokedwa, chimangomangidwa. Ndi nsalu ya makona anayi, pafupifupi mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi pang'ono m'lifupi. Ndiye musachiumbe pathupi kenako n'kumavutika kuchitambasula. Yambani ndi Plane wafulati wa miyeso imeneyo, mumugawe timabokosi tambiri, ndipo UV yake ili kale yowongoka. Mukatero muzungulize m'chiuno, kaya ndi manja kaya ndi Cloth simulation. Kulikonse komwe nsaluyo ingapindikire, maluwa amatsata okha, chifukwa mapu adajambulidwa nsalu isanapindidwe. Ngati simukufuna kuyambiranso, sankhani kabokosi kamodzi ka chitenje chanu chapanochi, mukawongole mu UV Editor kuti makona ake akhale olunjika, kenako musankhe zonse, U, ndi Follow Active Quads. Ena onse atsatira kameneko.

China: ngati mwagwiritsa ntchito Mirror modifier, yomwe imakopera mbali imodzi ya chidole kupita mbali inayo ngati kalilole, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimagawana malo amodzi pa UV. Pa nsalu yopanda zojambula ndi zabwino, mumasunga malo. Koma chitenje chokhala ndi malemba, monga zija za mipingo ndi za pa zikondwerero, mbali imodzi malembawo adzawerengeka chobwerera. Pamenepo pangani Apply pa Mirror musanadule UV.

Nanga maluwawo muwatenge kuti? Mutha kujambula nsalu yeniyeni ndi foni. Muisite kaye, muiyale pansi posalala, mujambule pamthunzi kapena tsiku la mitambo, foni ili pamwamba penipeni mosapendekeka, fulashi yozimitsa. Chifukwa chake n'chakuti mthunzi uliwonse umene walowa m'chithunzi umakhala momwemo mpaka kalekale. Chidole chikatembenuka, kuwala kwa mu Blender kudzachokera kumanzere koma mithunzi ya pansalu ikuloza kwina, ndipo diso limaona msanga kuti china chake chalakwika ngakhale munthu asadziwe kuti n'chiyani. Ikaninso rula pambali pa nsaluyo kuti mudziwe kukula kwenikweni kwa duwa limodzi. Oyamba kumene ambiri amalephera pamenepa: duwa lomwe pa nsalu yeniyeni ndi la masentimita 15 amalikulitsa kufika theka la siketi, kapena kulichepetsa mpaka kungooneka madontho.

Komabe ine ndimalimbikitsa kujambula anuanu. Zojambula za pa zitenje zili ndi eni ake. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands, yomwe idayamba mu 1846, ili ndi anthu olembedwa ntchito yojambula mitundu imeneyi, ndipo kwathu kuno ku Blantyre kuli Mapeto David Whitehead yomwe imadindanso nsalu. Pophunzira panokha palibe angakufunseni, koma tsiku lomwe mudzafune kugulitsa chidolecho kapena kuchiika mu gemu, mudzafuna zonse zikhale zanu. Mu Krita muli Wrap Around Mode, yomwe imakuonetsani chithunzi chikubwerezabwereza mbali zonse pomwe mukujambula, ndiye mzere ukatulukira kumanja umalowera kumanzere wokha, popanda podukira. Sankhani mitundu itatu kapena inayi basi. Ndipo musajambule mwaukhondo kwambiri. Yang'anitsitsani chitenje cha wakisi pafupi: utoto wina umadutsa pang'ono kunja kwa mzere, wina sufika, ndipo pamakhala timing'alu ndi timadontho tomwe phula lidasiya. Timeneto ndi tomwe timachititsa munthu kukhulupirira kuti ndi nsalu.

Tibwere ku kung'anima kuja. Principled BSDF, node (kabokosi ka makonzedwe) yoyang'anira maonekedwe a nsalu, akabwera kumene, Roughness, muyeso wa kukhakhala kwa nsalu, amakhala pa 0.5, ndipo pa nsalu ya thonje ndi wochepa. Mukwezeni afike cha pa 0.8 kapena 0.9. Chitenje chatsopano chosachapa chimawala pang'ono, ndiye mutha kutsika kufika cha pa 0.6, pomwe chakale chochapachapa mukweze. Metallic akhale pa 0 pa nsalu iliyonse. Musungireni zipi, mabatani achitsulo ndi chomangira lamba. Sheen ndi wa nsalu zaubweyaubweya monga juzi ndi veleveti, zomwe zimawala m'mphepete. Pa thonje mungodontheza pang'ono. Pewaninso mtundu wakuda bii kapena woyera mbee pa base color, mtundu weniweni wa nsaluyo. Thalauza lakuda lenileni limakhala lotuwirako, ndipo mukaika lakuda kotheratu makwinya onse amasowa.

Kalukidwe ka ulusi kamafuna kuwerengera pang'ono. Tinene kuti chitenje cha mamita 2 mwachipatsa chithunzi cha mapikiselo 2048. Ndiye kuti sentimita imodzi yapeza mapikiselo pafupifupi 10, kapena kuti pikiselo imodzi pa milimita. Ulusi wa thonje ndi wowonda kuposa pamenepo, choncho simungaujambule pa chithunzi chomwecho. Anthu akaona zimenezi amathamangira ku 4096 kapena 8192, laputopu n'kuyamba kulira. Chithunzi chimodzi cha 4096 chikatsegulidwa chimadya pafupifupi 64 MB, cha 2048 chimadya 16 MB, cha 1024 ndi 4 MB yokha, ndipo chovala chimodzi chimafuna zithunzi zitatu kapena zinayi. Njira yake ndi kusiyanitsa zinthu ziwirizi. Maluwa akhale pa chithunzi chawo chachikulu. Ulusi ukhale pa normal map (chithunzi chouza kuwala pomwe patumphuka ndi pomwe palowa) yaing'ono yobwerezabwereza, yomwe mwaidutsitsa mu Mapping node n'kukweza Scale kuti ibwerezeke kambirimbiri. Strength ya normal map imeneyo muichepetse. Ulusi uzioneka kamera ikayandikira basi. Mukaona timizere tovinavina pa nsalu chidole chikakhala patali, ndiye kuti mwaonjeza.

Ma normal map a nsalu mungawapeze kwaulere pa Poly Haven ndi pa ambientCG. Zonse za kumeneko zili pa chilolezo cha CC0, kutanthauza kuti mutha kuzigwiritsa ntchito ngakhale pa zogulitsa. Koperani za 1K (za mapikiselo 1024), bandulo isathere pachabe; poti zikubwerezabwereza, 1K ndi yokwanira. Sankhaninso kalukidwe koyenera. Thonje la malaya ndi chitenje limalukidwa ulusi umodzi pamwamba, umodzi pansi. Jinzi ili ndi mizere yopendekeka, ulusi wotsika ndi wabuluu, wopingasa ndi woyera, n'chifukwa chake mkati mwa jinzi mumayererako. Tisheti ndi juzi ndi zoluka ngati za singano, timizere take timaoneka ngati chilembo V. Mukaika kalukidwe ka jinzi pa bulauzi, aliyense aona kuti yalemera.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapusitsa anthu polumikiza zithunzizi. Choyamba, normal map ndi roughness si zithunzi za mitundu, ndi manambala, ndiye pa Image Texture node musinthe Color Space ikhale Non-Color. Mukasiya pa sRGB kuwala kumagwa mokhotakhota. Ngati mwayatsa Node Wrangler, chowonjezera cha mu Blender, sankhani Principled BSDF, dinani Ctrl+Shift+T, musankhe mafayilo onse, ndipo akulumikizirani yekha molondola. Chachiwiri, normal map ilipo ya mitundu iwiri, ya OpenGL ndi ya DirectX, ndipo zimasiyana pa mtundu wobiriwira wokha, womwe ndi wotembenuza. Blender ndi Unity (pulogalamu yopangira magemu) zimafuna ya OpenGL, pomwe inzake ya magemu, Unreal Engine, imafuna ya DirectX. Pa mafayilo mudzaona GL kapena DX kumapeto kwa dzina. Mukasemphanitsa, zotumphuka zimaoneka zolowa mkati.

Makwinya akuluakulu, monga mapindo a chitenje pomwe chapisidwa m'chiuno, akhale pa chidole chenichenicho, osati ojambula. Cloth brush ya mu Sculpt Mode, yomwe idabwera ndi Blender 2.83 mu 2020, imathandiza kwambiri pamenepo. Aang'onoang'ono a m'khwapa, pachigongono ndi m'mbali mwa misoko ndi omwe amapita pa normal map. Za kupanga (bake) normal map kuchokera pa chidole chokhala ndi timabokosi tambiri tidzakambirana mukafikapo, panopa zingokusokonezani. Ikaninso Solidify modifier yopyapyala kuti mpendero ndi kolala zikhale ndi makulidwe, chifukwa nsalu yopanda makulidwe imadziulula m'mphepete.

Zonsezi zikakhala m'malo, chotsala ndi chomwe ine ndimachiona ngati ntchito yokoma kwambiri: kuonetsa kuti chovalacho chidavalidwapo. Pitani pa kaunjika, musagule kanthu, mungoyang'ana pomwe zovala zimathera. Kolala imada mkati ndi kusuluka pa mpindiro. Jinzi imayera pamaondo, pantchafu ndi m'mphepete mwa matumba, koma mkati mwa makwinya imakhalabe yabuluu. Chitenje cha tsiku ndi tsiku chimasuluka kumbuyo pokhalira, chimafiira ndi fumbi kumpendero, ndipo pamakhala mizere ya momwe amachipindira. Tumizani UV yanu ku Krita ndi Export UV Layout, muike pa leya ya pamwamba ngati chokutsogolerani, kenako mujambule zimenezi pa leya ina ndi burashi yofewa, mopepuka kwambiri. Jambulaninso ulusi wosokera, timizere tating'ono totsata mpendero ndi misoko. Utoto muziupitiriza pang'ono kunja kwa malire a chidutswa chilichonse, apo ayi pa misoko padzaoneka kamzere kakuda chidole chikatalikira. Ndipo ganizirani kuti mayi wanuyo ndani. Wopita ku chinkhoswe ndi wochokera kudimba savala nsalu yofanana ngakhale maluwa atakhala amodzi.

Mukamajambula mu Texture Paint ya Blender, kumbukirani kuti chithunzicho ndi fayilo yapayokha. Muzichisunga ndi Alt+S mu Image Editor pafupipafupi, makamaka ngati kwanuko magetsi amathima mosatsanzika.

Chitani kaye za misoko ndi timabokosi zija, kenako mutiikire muno zithunzi ziwiri: cha UV Editor zidutswa zonse zikuoneka, ndi cha mayiyo atavala UV Grid, kutsogolo ndi kumbuyo. Tikaona zimenezo tikuuzani msoko woti musunthe.